Anthu a tebulo lofiira ku Glasgow: Scottish Socialist Party ndi ndani, nanga pa zisankho yachita zotani?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Glasgow, kwa mchemwali wathu amene anabwera kuno zaka ziwiri zapitazo ndipo amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Andipempha kuti dzina ndisatchule. Alemba motere:

"Achimwene, Loweruka ndikamadutsa m'tauni ndimapeza anthu atayika tebulo m'mbali mwa msewu, ali ndi mbendera yofiira ndi chimkuzamawu. Tsiku lina ataona yunifomu yanga anandiimitsa n'kundipempha kuti ndisayine chikalata chofuna kuti ntchito yosamalira okalamba ikhale m'manja mwa boma. Akuti ndi a Scottish Socialist Party ndipo akufuna Scotland ichoke mu UK. Ine ndimadziwa kuti ofuna zimenezo ndi a SNP. Nanga awa ndani? Anapambanapo chisankho, kapena ndi chipani cha m'chikwama ngati zija za kwathu? Ndikawavotera, voti yanga siipita pachabe?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Chipani cha m'chikwama ayi, sichimenecho. Anthu mwawaonawo chipani chawo chinakhalapo ndi aphungu 6 m'Nyumba ya Malamulo ya Scotland, chinasinthitsa lamulo limene linkazunza amphawi kwa zaka zambirimbiri, kenako m'zaka zinayi zokha chinataya zonse. Ine ndinachivotera mu 2003, ndipo kugwa kwake kunandipweteka, choncho mundiwerenge mukudziwa kuti wolembayo si munthu wongoonerera patali.

Nkhani yawo imayambira pa msonkho. Mu Epulo 1989 boma la Margaret Thatcher linayambitsa msonkho wa pamutu ku Scotland, kutatsala chaka chathunthu kuti liufikitse ku England ndi ku Wales. Munthu wamkulu aliyense m'dera ankayenera kupereka kukhonsolo ndalama yofanana, kaya ndi mwini fakitale kaya ndi wosesa m'fakitalemo. Osauka kwambiri ankawachotserako, komabe sankawasiya osapereka kanthu. Ife amene tinamva kwa agogo athu za amuna ogona kutchire pothawa amesinjala a msonkho, mkwiyo umene unabuka pamenepo sitingaudabwe. Anthu zikwizikwi anakana kulipira. Makhonsolo nawo anatuma masherifu, amene ankalowa m'nyumba n'kulemba katundu ndi mitengo yake, wailesi yakanema, mipando, kabati, kuti adzamugulitse pa okushoni.

Nditangofika ku Glasgow mu 2002 ndinkachita lendi kachipinda kumwera kwa mzindawu, ndipo khomo loyang'anizana ndi langa linali la gogo wina wamasiye amene ankakonda kundiitanira tiyi. Tsiku lina anatsegula dilowa n'kutulutsa kope lakale lachikuto chofiirira, masamba ake atayamba kuthothoka. Munali manambala a foni okhaokha, olumikizidwa ndi mizere ngati nthambi za mtengo. Anandifotokozera kuti masherifu akangooneka pamsewu, woyamba kuwaona ankaimbira anthu atatu, atatuwo aliyense n'kuimbira atatu ake, ndipo pofika nthawi yoti masherifu atsike m'galimoto, masitepe onse okwerera kunyumbayo amakhala atadzaza amayi, ena ali ndi ana m'manja, ena atavala zogonera. Panalibe womenya munthu. Ankangoima osasuntha mpaka alendowo atabwerera. Gogoyu sanawerengepo buku lililonse la ndale, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Amene ankalumikiza magulu oterewa ambiri anali a kagulu kotchedwa Militant, otsatira maganizo a Leon Trotsky, mtsogoleri wina wa komyunizimu wa ku Russia, amene poyamba ankagwira ntchito m'kati mwa chipani cha Labour mpaka atsogoleri ake anayamba kuwachotsa. Wodziwika kwambiri mwa iwo anali mnyamata wa ku Pollok, Tommy Sheridan, wolankhula mogwira mtima moti ngakhale odana naye ankaima kumvetsera. Mu Okutobala 1991 khoti linamuletsa kupita pamalo pamene pankayenera kuchitikira okushoni ya katundu wolandidwa, ku Turnbull Street. Iye anapita, n'kung'amba chikalata cha khoticho pamaso pa gulu, ndipo okushoniyo inalephereka. Anamugamula kuti akakhale kundende miyezi 6. Ali m'ndende ya Saughton ku Edinburgh anaima pa chisankho cha aphungu a ku London cha mu Epulo 1992, n'kukhala wachiwiri ku Glasgow Pollok ndi mavoti pafupifupi 20 pa 100 alionse. Mwezi wotsatira anapambana mpando wa khansala akadali mkaidi. Thatcher anali atatula kale pansi udindo mu Novembala 1990, ndipo mu 1993 msonkho uja unalowedwa m'malo ndi umene mukulipira lerowu, wa council tax.

Mu 1996 a Militant a ku Scotland anagwirizana ndi timagulu tina ta sosholizimu n'kupanga Scottish Socialist Alliance, ndipo mu 1998 mgwirizanowo unasanduka chipani, Scottish Socialist Party, mwachidule SSP. Nyuzipepala imene mwina munaiona patebulo paja, Scottish Socialist Voice, inayamba mu 1996 momwemo.

Kuno mudzamva anthu akunena kuti chipanichi ndi cha kumanzere kwenikweni. Tanthauzo lake ndi lakuti chimafuna zoposa zimene Labour kapena SNP (Scottish National Party, chipani chachikulu chofuna kuti Scotland idziimire payokha) angayerekeze kunena: sitima zapamtunda, magetsi, gasi, mafuta a m'nyanja ya North Sea ndi mabanki akuluakulu zikhale za anthu onse kudzera m'boma, olemera azikhoma msonkho wochuluka, mabasi ndi sitima zikhale zaulere, ndipo zida za nyukiliya zimene zili ku Faslane, kufupi ndi Glasgow komweko, zichoke. Ife amene tinakula m'nthawi ya Kamuzu, mawu akuti komyunizimu ankatchulidwa monong'ona, ndiye mwina mtima ungagunde mukamva zimenezi. Musaope. Kuno ndi chipani cholembetsedwa mwalamulo, ndipo kuima patebulo lawo kapena kusayina chikalata chawo si mlandu.

Nanga n'chifukwa chiyani a sosholizimu akufuna dziko lawolawo, pamene anzawo ambiri amati ogwira ntchito a ku Glasgow ndi a ku Liverpool ndi amodzi? Yankho lawo linachokera m'zimene anaona. Kuyambira 1979 mpaka 1997 anthu a ku Scotland ankavotera Labour mochuluka, koma olamulira ku London anali a Conservative, amene m'nthawi yawo migodi ya malasha, mafakitale a zitsulo ndi malo okhomera sitima zapamadzi zinatsekedwa motsatizana. Mu 1997 a Conservative sanapeze mpando ngakhale umodzi ku Scotland. Alan McCombes, amene anali mkonzi wa nyuzipepala ija komanso woganiza wamkulu wa chipanichi, ankati njira yachidule yofikira ku sosholizimu ndi kuchoka mu UK. Ankalozanso kwa John Maclean, mphunzitsi wa ku Glasgow amene anamangidwa kangapo potsutsa nkhondo yoyamba yapadziko lonse ndipo asanamwalire mu 1923 ankalalikira za dziko la Scotland lolamulidwa ndi ogwira ntchito. Kusiyana kwawo ndi SNP kuli apa: SNP imati Scotland ikadziimira payokha mfumu ikhalebe mutu wa dziko, ndipo kuyambira 2012 imavomereza zokhala mu NATO, mgwirizano wa zankhondo wa mayiko a ku Ulaya ndi ku North America. A SSP zonse ziwirizi amakana. Pa 9 Okutobala 2004, tsiku limene Mfumukazi Elizabeth inkatsegulira nyumba yatsopano ya malamulo ku Holyrood, iwo anali pa phiri la Calton Hill kulengeza kuti akufuna dziko lopanda mfumu.

Kuti mumvetse mmene chipani chaching'ono chinalowera m'Nyumba ya Malamulo, muyenera kudziwa kavotedwe ka kuno, chifukwa n'kosiyana ndi ka kwathu. Ku Holyrood kuli aphungu 129. Mwa iwo 73 amasankhidwa ngati mmene timasankhira aphungu ku Malawi, wopeza mavoti ambiri m'dera ndiye wapambana. Otsala 56 amachokera pa voti yachiwiri, imene mumavotera chipani m'chigawo chanu. Zigawozo zilipo 8, chilichonse chili ndi mipando 7, ndipo pogawa mipandoyo amayamba aona kuti chipani chatenga kale madera angati, kuti chimene chili ndi mavoti ambiri koma madera ochepa chipezeko gawo lake. Zotsatira zake n'zakuti chipani chikapeza mavoti 5 kapena 6 pa 100 alionse m'chigawo chimodzi, chimatha kulowetsa phungu. Aphungu onse amene SSP inakhala nawo analowera pakhomo limeneli. Dera silinapambanidwepo ngakhale limodzi.

Pa chisankho choyamba, mu Meyi 1999, chipanichi chinapeza 2 peresenti ya mavoti achiwiri m'dziko lonse, koma ku Glasgow chinapitirira 7, ndipo Sheridan analowa yekha. Polumbira anakweza chibakera m'mwamba posonyeza kuti lumbiro lokhulupirika kwa mfumukazi akulinena mokakamizidwa. Anthu ena ankati ndi zisudzo chabe, koma chimene chinatsatira sichinali chisudzo. Anabweretsa bilu yothetsa kulanda ndi kugulitsa katundu wa m'nyumba chifukwa cha ngongole. Boma la Labour ndi Liberal Democrats linafuna kuikankhira kumbali, koma mu Epulo 2000 aphungu wamba a Labour, amene ambiri anachokera m'madera momwe masherifu ankadziwika ndi nkhope, anakana kumvera atsogoleri awo. Boma linabwerera m'mbuyo ndipo biluyo inadutsa kumapeto kwa chaka chomwecho. Phungu mmodzi pakati pa 129. Tsiku limene gogo uja ankandisimbira zimenezi, kapu ya tiyi inkanjenjemera m'manja mwake.

Kenako zinthu zinayamba kukwera. Pa chisankho cha aphungu a ku London cha 2001 anaimika anthu m'madera onse 72 a Scotland n'kupeza mavoti oposa 72,000, ngakhale mpando sanapeze. Nkhondo ya ku Iraq inawawonjezera mphamvu. Pa 15 Febuluwale 2003 ndinali m'gulu la anthu zikwi makumimakumi amene anayenda mu Glasgow kupita kumene nduna yayikulu ya UK panthawiyo, Tony Blair, anali ndi msonkhano wa chipani chake cha Labour, ndipo mbendera za SSP zinali paliponse. Ambiri amene ndinayenda nawo anali anthu a Labour kuyambira kwa makolo awo, ndipo ankalankhula ngati anthu amene m'bale wawo wawachita chipongwe. Pa 1 Meyi 2003 mkwiyowo unalowa m'bokosi. SSP inapeza mavoti achiwiri pafupifupi 128,000, kapena kuti 6.7 peresenti, ndipo ku Glasgow inapitirira 15. Analowa anthu 6: Sheridan ndi Rosie Kane ku Glasgow, Colin Fox ku Lothians, Frances Curran kuzambwe, Carolyn Leckie pakati, ndi Rosemary Byrne kumwera. Anayi mwa iwo anali amayi. Leckie anali mzamba, Byrne mphunzitsi. Rosie Kane polumbira anakweza dzanja limene analembapo kuti lumbiro lake ndi la kwa anthu. Onse analonjeza kulandira malipiro ofanana ndi a munthu waluso wogwira ntchito wamba, pafupifupi theka la malipiro a phungu, zotsalazo n'kupereka kuchipani. Mu 2004 bungwe la ogwira ntchito m'sitima, RMT, linachotsedwa mu Labour chifukwa nthambi zake za ku Scotland zinasankha kuthandiza SSP.

Pali chinthu chimodzi cha m'zaka zimenezo chimene ife obwera sitiyenera kuchiiwala. Ku Dungavel, kumwera kwa Glasgow, kuli malo osungirako anthu amene boma likufuna kuwabweza kwawo, ndipo nthawi imeneyo ankatsekerako ndi ana omwe. A SSP anali m'gulu la amene ankaima pageti kutsutsa zimenezi pamene zipani zikuluzikulu zinkati nkhani za anthu olowa m'dziko ndi za ku London. Rosie Kane anafika potenga mayi wina wa ku Africa ndi kamwana kake n'kukakhala nawo kunyumba kwake kuti atuluke m'malomo. Mu 2005, atsogoleri a mayiko olemera a G8 atatsala pang'ono kukumana ku Gleneagles pa nkhani imene inakhudzanso ngongole za mayiko ngati Malawi, aphungu anayi a chipanichi anaimitsa zokambirana m'Nyumba ya Malamulo pofuna kuti anthu aloledwe kuchita zionetsero kufupi ndi malo a msonkhanowo. Anawaimitsa ntchito mwezi wathunthu popanda malipiro.

Mabilu awo ena sanadutse. Yopereka chakudya chaulere kwa ana onse a sukulu inakanidwa mu 2002. Ya Colin Fox yothetsa kulipira mankhwala olembedwa ndi dokotala inakanidwa kumayambiriro kwa 2006, chimodzimodzinso yosintha council tax kuti munthu azilipira molingana ndi zimene amapeza. Ankawanena kuti ndi olota masana. Koma taonani lero. Mukapita kufamase ndi pepala la dokotala simutulutsa kanthu, pamene mnzanu wa ku Manchester amalipira pafupifupi mapaundi 10 pa mankhwala amtundu uliwonse. Boma la SNP linathetsa malipirowo mu Epulo 2011. Ana a makalasi atatu oyambirira anayamba kudya kwaulere kusukulu mu Januwale 2015, ndipo kenako zinafika mpaka kalasi lachisanu. Kuyambira 2022 aliyense wosakwana zaka 22 amakwera basi kwaulere. Sindikunena kuti zonsezi ndi za SSP yokha. Ku Wales anathetsa kulipira mankhwala mu 2007, a Greens, chipani choteteza chilengedwe, ndiwo anakankha za mabasi, ndipo amene anapeza ndalama n'kusayina ndi a SNP. Koma amene anayamba kuzinena m'Nyumba ya Malamulo akusekedwa ndi anthu a tebulo lofiirawo.

Tsopano pofika pa kugwa kwawo, pamene ndimalemba ndi mtima wolemera. Kumapeto kwa 2004 nyuzipepala ya News of the World inayamba kulemba nkhani zokhudza moyo wamseri wa Sheridan, amene anali wapabanja. Pa 9 Novembala komiti yayikulu ya chipani inakumana, ndipo patapita masiku ochepa iye anatula pansi utsogoleri. Colin Fox ndiye anasankhidwa m'malo mwake mu Febuluwale 2005. Sheridan anasumira nyuzipepalayo kuti yamuipitsira mbiri, ndipo mlandu wonse unadzatsamira pa funso limodzi: pa msonkhano uja ananena chiyani? Khoti linafuna zolembedwa za msonkhanowo. McCombes anakana kuzipereka mpaka anamutsekera masiku angapo mu Meyi 2006. Pamapeto pake atsogoleri a chipani anaitanidwa kukachitira umboni atalumbira. Ambiri, kuphatikizapo Fox, Kane ndi Leckie, anati Sheridan anavomera pamaso pawo mbali ina ya nkhanizo ndipo anamuchenjeza kuti asapite kukhoti. Ochepa, kuphatikizapo Byrne, anati sanavomere. Mu Ogasiti 2006 Sheridan anapambana n'kupatsidwa chipukuta misozi cha mapaundi 200,000. Masiku otsatira anatchula anzake akalewo m'nyuzipepala ina ndi dzina limene kuno amatchulira munthu wopita kuntchito anzake ali pa sitalaka, ndipo pakati pa anthu a mabungwe a ogwira ntchito palibe chitonzo choposa chimenecho. Mu Sepitembala iye ndi Byrne anatuluka n'kuyambitsa chipani china, Solidarity.

Nkhani siinathere pomwepo. Apolisi anafufuza maumboni otsutsanawo, ndipo mu Disembala 2010 Sheridan anapezeka wolakwa pa mlandu wonama atalumbira. Mu Januwale 2011 anamugamula zaka zitatu, n'kutuluka atakhalamo pafupifupi chaka. Iye amanenabe kuti sanalakwe. News of the World nayo inatsekedwa mu Julayi 2011 zitadziwika kuti inkamvetsera mobisa mauthenga a m'mafoni a anthu, choncho musaganize kuti mbali inayo inali ya angelo. Mu 2021 Sheridan analowa chipani cha Alba cha Alex Salmond, mtsogoleri wakale wa SNP.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena amene tinali nawo limodzi masiku amenewo sagwirizana nane. Amene anakana kunama m'khoti anachita bwino, ngakhale analipira ndi mipando yawo ndi ubwenzi wa zaka makumi awiri. Koma cholakwa chinachitika kale kwambiri mlandu usanayambe. Chipani chimene chinabadwa m'makope ngati la gogo uja, momwe aliyense ankaimbira anzake atatu, chinalola kuti nkhope ya munthu mmodzi ikhale pa chikwangwani chilichonse, mpaka anthu wamba ankangoti "chipani cha Tommy". Zinawathandiza kupeza mavoti msanga. Tsiku limene mzatiwo unagwedezeka, denga lonse linatsika nawo. Inu ndi ine tikuchokera kudziko kumene chipani chimadwala mtsogoleri wake akadwala, ndiye zimenezi sindikufunika kuzitambasula.

Chisankho cha Meyi 2007 chinali maliro. Mavoti achiwiri a SSP anatsika kuchoka pa 128,000 kufika posakwana 13,000, kapena kuti 0.6 peresenti. Solidarity inapeza pafupifupi 31,000, ndipo Sheridan naye mpando wake unapita. Pa aphungu 6 aja sanatsale ndi mmodzi yemwe. Kunena chilungamo, mlandu suli wa kugawanika kokha. Chaka chimenecho anthu ofuna kusintha anaona kuti SNP ikhoza kugonjetsa Labour, ndipo inaterodi ndi mpando umodzi, 47 kwa 46. A Greens, amene analibe mkangano uliwonse, nawonso anatsika kuchoka pa 7 kufika pa 2. Koma a Greens anatsala ndi poyambira, ndipo anakweranso kufika pa 6 mu 2016 ndi 8 mu 2021. A SSP analibe. Madzulo a tsiku lovota ndinagogoda kwa gogo uja. Patebulo pake panali timapepala tiwiri ta kampeni, ka SSP ndi ka Solidarity, tonse tikulonjeza zinthu zofanana. Anati wavotera SNP koyamba m'moyo wake, chifukwa sakanatha kusankha pakati pa ana ake awiri akumenyana. Timapepalato anatiika m'dilowa momwe munali kope lija.

Kuchokera pamenepo manambala ndi ochepa ndipo sindichedwapo. Mu 2011 anapeza mavoti 8,000 ndi kanthu, 0.4 peresenti. Pa riferendamu ya pa 18 Sepitembala 2014, yofunsa ngati Scotland ichoke mu UK, anaonekanso amoyo: anali m'gulu lofuna kuchoka la Yes Scotland pamodzi ndi SNP ndi Greens, Colin Fox anali m'komiti yake yolangiza, ndipo anagwira ntchito yayikulu yoyenda khomo ndi khomo m'madera osauka kumene anthu anali atasiya kuvota. Ofuna kukhalabe mu UK anapambana ndi 55 peresenti kwa 45, koma Glasgow ndi Dundee anavotera kuchoka. Anthu atsopano ambiri analowa chipanichi masabata otsatira, koma mavoti anapita ku SNP, imene mu 2015 inatenga mipando 56 mwa 59 ya Scotland ku London. Mu 2016 SSP inaima pansi pa mgwirizano wotchedwa RISE, umene unapeza pafupifupi theka la peresenti imodzi popanda mpando. Mu 2021 sinaimike munthu.

Ndiye voti yanu ipita pachabe? Ngati cholinga chanu n'chakuti voti yanu ilowetse phungu, manambala ndakupatsaniwa akuyankha okha: pakati pa theka la peresenti ndi 5 kapena 6 amene amafunika pali mtunda wautali, ndipo ndingakunamizeni nditati uli pafupi kutha. Amene amafuna Scotland yodziimira payokha komanso yokomera anthu wamba, ambiri voti yawo yachiwiri akhala akuipereka kwa a Greens. Koma ngati mwamva zimene akunena ndipo ndi zimene mtima wanu ukufuna, kuvotera chimene mumakhulupirira si kutaya. Mu 1999 analinso ndi 2 peresenti yokha. Ine sindikuuzani kumene muike chizindikiro chanu.

Za chikalata chija ndiye ndingalankhule momasuka. Nkhani ya chisamaliro cha okalamba ili m'manja mwa Holyrood, osati London, choncho kusayina kuli ndi kumene kukupita. Boma la SNP linabweretsa bilu yokhazikitsa National Care Service, bungwe loyang'anira ntchito za chisamaliro m'dziko lonse, mu 2022, koma mbali yake yayikulu linaisiya mu Januwale 2025 makhonsolo ndi mabungwe a ogwira ntchito atasiya kuithandiza. Ngakhale biluyo sinkachotsa makampani m'ntchitoyi, pamene a SSP akufuna kuti yonse ikhale ya boma ndiponso yaulere ngati NHS, ntchito ya zipatala za boma. Inu amene mumadzutsa okalamba m'mamawa, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa muli awiri pa anthu ochuluka, mukudziwa za ntchitoyi kuposa aliyense woima patebulo paja. Auzeni zimene mumaona. Afunseninso kuti ndalama zake zichokera kuti, chifukwa funso limenelo ayenera kuliyankha. Chokha musayembekezere n'chakuti Holyrood ikonze za viza yanu kapena lamulo la malipiro otsikitsitsa. Zimenezo zili ku London, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene iwo amaperekera pofuna kuchoka mu UK. Pa mavuto a kuntchito a tsiku ndi tsiku, chimene chingakutetezeni msanga ndi kulowa bungwe la ogwira ntchito ngati UNISON, GMB kapena Unite, ndipo kulowa ndi ufulu wanu ngakhale muli pa viza ya ntchito.

Kuvota nako ndi ufulu wanu, ndipo Amalawi ambiri kuno sadziwa. Popeza Malawi ili mu Commonwealth, Mmalawi amene ali ndi chilolezo chokhala mu UK amavota pa zisankho zonse, za khonsolo, za Holyrood ndi za ku London. Kuyambira 2020 ku Scotland ngakhale anzathu ochokera mayiko ena onse amene akukhala movomerezeka amavota pa za khonsolo ndi za Holyrood, ndipo pa ziwirizi zaka zoyambira ndi 16, choncho ngati muli ndi mwana wa msinkhu umenewo mulembetse naye. Kulembetsa kumachitika pa intaneti, pa gov.uk, ndipo amafunsa nambala yanu ya National Insurance ndi adiresi. Mukasamuka nyumba mulembetsenso. Pa chisankho cha Holyrood adzakupatsani mapepala awiri amitundu yosiyana, lina la munthu woimira dera, lina la zipani za m'chigawo, ndipo dzina la SSP, akaima, mudzalipeza pa lachiwirilo. Chitupa chokhala ndi chithunzi chimafunika pa chisankho cha aphungu a ku London chokha. Ngati tsikulo mudzakhale pa shifiti yayitali, pemphani msanga kuofesi ya zisankho kukhonsolo kuti mudzavote kudzera pa positi.